Malata a Pamanda ndi Mbiri ya Mabanja a ku Chileka ndi Lirangwe

Munthu woyenda pa msewu wochokera ku Blantyre kudzera pa Lunzu kunka ku Lirangwe, kapena wopatukira cha ku Chileka, amaona dziko loyera, pakuti nkhwangwa ya nkhuni ndi ya makala inapitamo kalekale. Koma apa ndi apo pamaoneka kankhalango kothinana, koima kokha pakati pa minda. Mwana aliyense wa kumeneko adziwa kuti amenewo ndi manda, ndi kuti palibe munthu adulamo mtengo kapena kulowamo popanda chilolezo cha mfumu. M'nkhani ino tifuna kulongosola mbiri ya zizindikiro zimene anthu aika pa mitumbira, makamaka zachitsulo: kumene zinachokera, zimene zitiuza za mabanja, ndi chifukwa chake mphunzitsi ayenera kusamala nazo. Zambiri mwa izo zili kutha ndi dzimbiri, ndipo pamodzi nazo muli kutha maina amene sanalembedwe pena paliponse.

Manda a makolo

Amang'anja, amene ali eni dziko akale a dera lino, ndiponso Ayao, Angoni ndi Alomwe amene anabwera pambuyo pawo, sanali kulemba dzina pamanda. Adzukulu ankakumba dzenje, nasema m'mbali mwake kachipinda kotchedwa mudzi, m'mene ankagonekamo mtembo wokulunga mu mphasa. Pamwamba pa mtumbira ankaikapo mphika, mbale kapena chipangizo china cha womwalirayo, atayamba achiboola kuti wina asachitole. Ena ankabzalapo nkhadze, chifukwa siifa msanga ndi chilala, ndipo pa manda a munthu wamkulu pankamangidwa kachisi.

Tisaganize kuti makolowo analibe kaundula. Kaundula wawo anali m'mutu mwa mwini mbumba ndi mwa adzukulu. Pakagwa maliro, akuluakulu ankatsogola kukaloza malo, nanena kuti apa panagona uje, pambali pake pali mlongo wake, apo mpa amayi awo. Achinyamata okumba ankamva, ndipo iwonso atakalamba ankauza ena. Kaundula wotere anali wokwanira pamene mbumba inali kukhala pamodzi mibadwo yambiri. Anayamba kung'ambika pamene nkhondo, njala, msonkho ndi maulendo a ntchito zinabalalitsa anthu.

Chitsulo chifika ndi alendo

Manda oyamba olembedwa m'chigwa cha Shire anali a Azungu a mishoni ndi a maulendo. Bishopu Charles Mackenzie anamwalira pa 31 January 1862 pafupi ndi pamene Ruo athira mu Shire, ndipo patapita zaka pamanda pake panaimikidwa mtanda wachitsulo wochokera ku Ulaya. Pamene David Livingstone anamwalira kwa Chitambo m'chaka cha 1873, anyamata ake, motsogozedwa ndi Susi ndi Chuma, anakwirira mtima wake patsinde pa mtengo wa mpundu, ndipo Jacob Wainwright anasema dzina pa mtengowo. Mtengo uja unayamba kuwola, kotero kuti m'chaka cha 1899 anaudula, natumiza chigawo cholembedwacho ku London. Apa tiona vuto limene alendo onsewo anakumana nalo: mtanda wa mtengo ndi chakudya cha chiswe, ndipo moto wa m'chilimwe sausiya. Nchifukwa chake abale a kwawo ankatumiza chitsulo kapena mwala.

Katundu wa masiku amenewo ankakwera ndi sitima mu Zambezi ndi mu Shire kufika kwa Katunga. Popeza mathithi salola sitima kupitirira, amtengatenga ankamusenza pamutu kukwera naye ku Blantyre, ndipo wopita ku nyanja ankatsika naye pa msewu wa ku Matope, umene udutsa pa Lunzu ndi pa Lirangwe. Kampani ya Mandala, imene inayamba m'chaka cha 1878 moyang'aniridwa ndi John ndi Frederick Moir, inkalemba anthu ambiri a m'midzi yathu ino pa ntchito imeneyi. Motero makolo a ku Lirangwe anazolowera kulemera kwa chitsulo cha ku Ulaya pamitu pawo kale asanaganize zochiika pa manda a abale awo.

Kuti tione m'mene manda olembedwa asungira mbiri ya banja, titenge chitsanzo cha ku Mishoni ya Blantyre. Henry Henderson, amene anasankha malo a mishoniyo m'chaka cha 1876 pamodzi ndi womasulira wake Tom Bokwito, anakwatira Harriet Bowie. Mchemwali wake wa Harriet anakwatiwa ndi David Clement Scott, womanga tchalitchi cha St Michael and All Angels, ndipo mlongo wawo John Bowie anali dotolo wa pamishoni. Kumayambiriro kwa chaka cha 1891 mwana wa Henderson anadwala nthenda yotseka pakhosi yotchedwa diphtheria. Dotolo Bowie anaboola pakhosi pa mwanayo kuti apume, ndipo kachubu kataziika anayamwa ndi pakamwa pake, ali kudziwa kuopsa kwake. Mwana anamwalira, mayi wake anatsatira, dotolonso anatsatira. Henderson ananyamuka ulendo wa kwawo, koma anakamwalirira ku Quelimane. Banja linatha m'masabata owerengeka. Ife tidziwa zonsezi mwa tsatanetsatane chifukwa zinalembedwa pamanda, m'makalata ndi m'mabuku, ndipo dzina la Henderson lili pa sukulu ya HHI. Nanga amene anamusenza m'machila, maina awo ali kuti? Funso limeneli tilisunge, tibwererako.

Zipilala za zinki za ku America

Pa nthawi yomweyo, kutsidya kwa nyanja yaikulu, anthu anali kuyesa njira ina yogonjetsera dzimbiri ndi ndere. Zinki ndi chitsulo chotuwa mobiriwira, chimene chisungunuka pa moto wa madigiri 420, wocheperapo kwambiri pouyerekeza ndi moto wosungunula chitsulo cha khasu. Chikakhala pamphepo chimadzikuta ndi kachikungu kopyapyala kamene kateteza zamkati, ndipo sichichita dzimbiri lofiira.

Kuyambira m'zaka za m'ma 1870 kufikira 1914, kampani yotchedwa Monumental Bronze Company ya mumzinda wa Bridgeport, m'chigawo cha Connecticut, inkaumba zipilala za pamanda za zinki. Pofuna kukopa ogula inazitcha "white bronze", ndiko kunena mkuwa woyera, chinkana munalibe mkuwa m'menemo. Amisiri ankathira zinki wosungunuka m'zikombole za mchenga, nalumikiza zigawozo ndi zinki wina wamoto, kenaka nazipemerera mchenga kuti zioneke ngati mwala. Mkati mwake munali mphako. Banja linkasankha chipilala m'buku la zithunzi limene wogulitsa ankayenda nalo, ndipo mtengo wake unali wotsika kusiyana ndi mwala wosema. Nzeru yake yaikulu inali iyi: m'mbali mwa chipilala munali timbale tomanga ndi zomangira, kotero kuti munthu wina wa m'banjamo akamwalira, ankamasula kambale kopanda dzina ndi kuitanitsa kena kolembedwa. Chipilala chimodzi chinkasanduka buku la banja lonse, la atate, amayi ndi ana motsatana.

Nkhondo ya 1914 itayamba, fakitale ija inatembenukira ku zida za nkhondo, ndipo zipilala zinaleka kupangidwa, ngakhale timbale ta maina tinapitirira kufikira kampaniyo inatha m'chaka cha 1939. Zipilala zimenezi zili m'manda ambiri a ku United States ndi Canada, ndipo malemba ake awerengeka bwino lomwe patapita zaka zoposa 100, pamene miyala yofewa ya msinkhu womwewo inafufutika. Zili ndi chofooka chake: nthambi ikazigwera zimasweka ngati mbiya, ndipo zazikulu zimaphwathalala pang'onopang'ono ndi kulemera kwawo komwe.

Malata a kwathu

Zinki anafika m'midzi yathu mwa njira ina yonyozeka, ndiyo malata. Lata ndi chitsulo chopyapyala chimene anachiviika mu zinki wosungunuka, mwa njira imene Mfalansa wina, Stanislas Sorel, anaikhazikitsa m'zaka za m'ma 1830. Kutuwa kumene tiona pa lata latsopano ndi zinki ameneyo. Iye amayamba kudyeka m'malo mwa chitsulo chili pansi pake, ndipo dzimbiri lofiira lioneka pokhapokha zinki atatha. Ngakhale pafupi nafe zinki ankakumbidwa: mgodi wa ku Kabwe m'dziko la Zambia, umene kale unkatchedwa Broken Hill, unapezeka m'chaka cha 1902 ndipo unatsekedwa mu 1994.

Njanje itafika ku Blantyre mu 1908, ndi kupitirira kudzera pa Lirangwe mpaka ku Salima mu 1935, malata anayamba kuchuluka m'masitolo. Amuna obwera ku Harare ndi ku Joni ankafolera nawo nyumba, ndipo amisiri okhoma ndowa ndi zidebe anayamba kupezeka pa misika. Sukulu za mishoni nazo zinali zitatulutsa anthu odziwa kulemba. Zinthu ziwirizi zitakumana, panabadwa chizindikiro chimene tonse tichidziwa: kachidutswa ka lata kokhomera pa mtanda wa thabwa kapena wa chitsulo, kolembedwa ndi utoto dzina la womwalira, tsiku lobadwa, tsiku lomwalira, ndipo kawirikawiri chaputala ndi ndime ya m'Buku Lopatulika. Ena, podziwa kuti utoto suchedwa kusuluka ndi dzuwa, amaboola malembawo ndi msomali, ndipo otere amawerengekabe utoto utachoka.

Chilata chotere sichikhala zaka zambiri monga zipilala za ku Bridgeport, chifukwa zinki wake ndi wopyapyala ngati chikungu cha anyezi. Dzimbiri limayambira m'mphepete modulidwa ndi pa zibowo za misomali. Moto wolusa ukalowa m'manda umatentha utoto ndi mtanda womwe, chilata nichigwa pansi, nichikwiririka ndi masamba. Masiku ano pabweranso ogula zitsulo zakutha, ndipo pali anthu opanda manyazi amene sasiyanitsa chitsulo cha kudzala ndi cha kumanda.

Mabanja amene apeza bwino amamanga chiliza cha njerwa ndi simenti, nachipaka laimu, amene ku Lirangwe sasowa popeza kuli miyala yake ndipo anthu akhala akumuwotcha kuyambira kale. Kumanga chiliza ndi mwambo waukulu umene usonkhanitsa abale a kutali. Koma tsiku lomwelo chilata chakale chimazulidwa ndi kutayidwa, ndipo mmisiri pokopera akhoza kulakwitsa chaka kapena kusintha kalembedwe ka dzina. Chiliza chimaoneka chokhulupirika chifukwa cha kukongola kwake, pamene mboni yoyamba inali kachilata kaja.

Kuwerenga chilata mwanzeru

Wophunzira mbiri asamangokhulupirira chilichonse chifukwa chalembedwa. Pali zinthu zinayi zoyenera kuzikumbukira.

Choyamba, dzina lolembedwa ndi malo a mtumbira zinena zinthu ziwiri zosiyana. Sukulu, mpingo ndi boma zinazoloweza anthu kutenga dzina la atate. Koma m'midzi yambiri ya kuno mtundu uyenda mwa amayi, ndipo mkamwini akamwalira kawirikawiri amakagona kwawo, pafupi ndi amayi ake ndi alongo ake. Motero mupeza mitumbira isanu yoyandikana ya maina asanu osiyana, komatu onsewo ndi a bere limodzi. Ndipo mupezanso anthu a dzina limodzi atagona m'midzi itatu. Chilata chisonyeza atate, malo asonyeza mbumba. Wowerenga chimodzi chokha aphonya theka la mbiri.

Chachiwiri, akazi amabisika. Pa zilata zambiri palembedwa "Mayi" ndi dzina la mwamuna wawo basi. Dzina lawo la kuubwana ndi mfunda wawo, kaya anali Naphiri, Nabanda kapena Nambewe, sizioneka, pamene iwo ndiwo anali tsinde la mudziwo. Zimenezi muyenera kuzifunsa kwa amoyo.

Chachitatu, tsiku lomwalira ndi lodalirika koposa tsiku lobadwa, pakuti loyambalo linalembedwa maliro ali pakhomo, pamene linalo linangoyerekezedwa. Akale ankawerenga zaka ndi zochitika: nkhondo ya Chilembwe ya 1915, chimfine chachikulu cha 1918 ndi 1919, njala ya 1949, kuyamba kwa chitaganya mu 1953, ufulu wa 1964. Mukaona anthu ambiri okalamba olembedwa kuti anabadwa pa 1 January, dziwani kuti tsikulo linangoikidwapo kuti mzere usakhale wopanda kanthu.

Chachinayi, kalembedwe nako ndi mboni. Kale mawu onga "chikumbutso" ndi "chaka" ankalembedwa ndi c wopanda h, ndipo malamulo a kalembedwe ka Chichewa a 1973 ndiwo anakhazikitsa ch. Chilata cholembedwa mwakale chitiuza kuti wolembayo anaphunzira sukulu malamulowo asanafike.

Mukaika pamodzi zilata za manda amodzi, mbiri ya mudzi imayamba kuoneka yokha. Timitumbira tating'ono tambiri tisonyeza zaka za chikuku ndi malungo. Mizere ya anyamata ndi atsikana a zaka 25 kufikira 40 amene anamwalira m'ma 1990 ndi kumayambiriro kwa m'ma 2000 isimba za Edzi, mankhwala otalikitsa moyo asanayambe kuperekedwa mwaulere mu 2004. Kumbukiraninso kuti abale athu Achisilamu sakonda kukometsa manda, kotero kuchepa kwa zolemba m'manda awo sikutanthauza kuti mudziwo ndi watsopano kapena kuti akufa awo anaiwalika.

Amene alibe chizindikiro

Tibwerere ku funso lija. Mbiri yotengedwa pa zizindikiro zokha imakondera olemera ndi ophunzira. Pa nkhondo ya 1914 mpaka 1918 amuna ochuluka a dziko lino anagwidwa kukasenza katundu wa asilikali, ndipo ambiri anafera m'njira ndi njala ndi kamwazi, nakwiriridwa pamene anagwera. Asilikali ali ndi chipilala chawo ku Zomba, koma wamtengatenga wa kwa Kuntaja kapena kwa Kapeni amene sanabwerere akumbukidwa ndi adzukulu ake okha. John Chilembwe, amene anadandaula poyera za kutayika kwa miyoyo yotere, anaphedwa pa 3 February 1915, ndipo boma la atsamunda linamuika mobisa popanda chizindikiro, poopa kuti manda ake angasanduke posonkhanira anthu. Olamula aja anadziwa mphamvu ya mtumbira wodziwika.

Njala ya 1949 inavuta koposa m'boma la Blantyre, makamaka m'midzi ya cha ku Lunzu ndi Lirangwe. Amuna ambiri anachoka kukafuna chakudya, ena osabweranso, ndipo okalamba ndi ana ndiwo anavutika kwambiri. Munthu wosowa phala sagula lata ndi utoto. Pamene Megan Vaughan anadzafufuza za njalayi, nalemba buku lake lotuluka mu 1987, umboni wambiri anaupeza pakamwa pa amayi ndi m'nyimbo zawo za pamtondo. Palinso machona amene agona ku Bulawayo, ku Harare ndi ku migodi ya ku Joni. Ndipo pa 4 April 1974 ndege ya Wenela yonyamula anthu obwerera kwawo kuchokera ku migodi inagwa itangonyamuka ku Francistown m'dziko la Botswana, ili pa ulendo wodzatera ku Chileka. Amalawi oposa 70 anafa, ndipo boma la Dr Banda linaimitsa kulemba anthu a Wenela. M'mabanja ambiri muli dzina lotchulidwa pamaliro paliponse, koma lopanda mtumbira woti alilozere.

Ntchito ya mphunzitsi

Wina angafunse kuti, kodi zimenezi sizili kale m'mabuku a boma? Yankho ndi lakuti zambiri mulibe. Mu February 1919 moto unatentha maofesi a boma ku Zomba pamodzi ndi makalata ambiri a zaka zoyamba. Ndiponso lamulo lokakamiza kulembetsa kubadwa ndi kumwalira kwa Mmalawi aliyense linayamba kugwira ntchito mu 2015. Kwa anthu ambiri a m'midzi amene anakhala moyo zisanafike zimenezi, kachilata ka pamanda ndi kaundula wa ubatizo ku mpingo ndiwo malo okha amene dzina lawo linalembedwa.

Tsono inu amene muli kukonzekera uphunzitsi, mukatumizidwa ku sukulu ya kumudzi, mukhoza kupulumutsa zambiri ndi kope limodzi ndi pensulo. Koma safunsa anadya phula. Yambani mwaonana ndi mfumu ndi eni mbumba, muwafotokozere cholinga chanu, ndipo akakana musaumirire. Ana a sukulu musawatengere kumanda, pakuti mwambo sulola ndipo makolo adzakuyesani munthu wokayikitsa. Nthawi yabwino ndi tsiku limene mudzi ukalambula kumanda, kapena pa 2 November pamene Akatolika akayendera akufa awo, ndipo mupite pamodzi ndi akuluakulu. Kopani malemba monga momwe alili, ngakhale muone kuti wolembayo analakwitsa. Lembani amene agona kumanja ndi kumanzere, ndipo mufunse ubale wawo. Musazule chilata, musachikwechese ndi mchenga kapena mwala, chifukwa mudzachotsa zinki wotsalayo pamodzi ndi malemba. Kuthirapo madzi pang'ono ndi kuyang'ana cham'mbali dzuwa likupendeka kumaonetsa zilembo zimene masana sizioneka. Kuona maso a nkhono nkudekha. Mitumbira yopanda chizindikiro nayo muilembe monga akuluakulu akuuzirani, ndipo musiye masamba ena a amene anafera kutali.

Ana muwapatse gawo lawo m'kalasi. Aliyense akafunse agogo ake maina a amayi awo ndi a agogo awo, kumene anachokera ndi kumene anagona, ajambule mtengo wa banja wa mbali zonse ziwiri. Powerengera zaka zimene munthu anakhala ndi moyo aphunzira masamu, polemba maina aphunzira Chichewa, ndipo 1949 ileka kukhala nambala ya pa bolodi pamene mwana apeza kuti agogo ake anaiona ndi maso. Samalani ndi zinsinsi za mabanja: nthenda imene munthu anafa nayo si yowerengera kalasi. Samalaninso ndi milandu ya minda ndi ya ufumu, pakuti manda ndiwo umboni umene anthu amathamangira akamakangana, ndipo mphunzitsi asakhale wa mbali imodzi. Kope likadzaza, lina lisungidwe pa sukulu, lina kwa mfumu, kuti ngakhale inu mutasamutsidwa ntchitoyo itsale m'manja mwa eni ake.

Agogo amene adziwa mwini wa mtumbira uliwonse alipo lero m'midzi ya ku Chileka ndi Lirangwe, koma achepa chaka ndi chaka, ndipo dzinja lililonse lichotsa zilembo zina pa malata. Mphunzitsi amene adzayamba ntchito imeneyi m'chaka chake choyamba adzapeza zambiri zimene womutsatira sadzazipezanso.